Mphuno ya a Kalafat

"Bambo anga akangotsokomola, ine ndinkadziwiratu mawu amene akubwera," anatero Korkut, akutakasa helva mumphika ngati akupalasa bwato. "Ndiye ndikuuzeni pompano, fungo ili likukwera kupita kwa iwo: mphuno ya a Kalafat sinagonepo pa tebulo la dokotala, ndipo ine ndili moyo sidzagonapo."

Linali tsiku lachitatu chimwalirire a Nazmi Kalafat. M'nyumba ya maliro aliyense amagwirako mthiko, kutakasa helva, ufa wokazinga m'batala, uku akutchula chabwino chimodzi cha malemu, kuti fungolo likawapeze kumene ali. Ena amatakasa kawiri katatu n'kupatsira mnzawo. Korkut, mwana wawo wachisamba, wogulitsa matayala, anali atakakamira mthikowo kwa nthawi ndithu, ndipo zabwino zonse zimene anali atatchula zinali za iye mwini.

"Ukupsereza, iwe," anatero azakhali ake a Zarife, mlongo wa malemu, atakhala pampando pafupi ndi zenera. "Bambo ako akamva fungo la zopserera aganiza kuti awaperekeza kolakwika."

Amayi oyandikana nawo amene anadzaza m'khitchinimo anabisa phwete m'mipango yawo. Amene sanaseke anali awiri: a Saniye, mkazi wa malemu, omwe ankangopukuta tambula imodzimodzi yomwe inauma kalekale, ndi Nilay, mlongo wake wa Korkut, yemwe anaimirira pakhomo akudikira mthiko. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti mawu aja alunjika kwa iye.

Ku Rize, kumene banjali linachokera, mphuno yaikulu si nkhani. Mwana akabadwa ndi yaing'ono m'pamene anthu amayamba kuyang'ana nkhope za aneba. Koma ya a Kalafat inali ndi chake chapadera. Pansi pake, kamzati kolekanitsa mabowo awiri kanatsika kuposa malire, n'kumalendewera ngati dontho limene likulingalira zogwa koma silinatsimikize. Amuna a m'banjamo ankalibisa m'ndevu. Akazi Mulungu sanawapatse pobisa.

Nilay anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo tsoka lake linali lakuti ankaphunzitsa ana a zaka zisanu. Munthu wamkulu amakuona pamaso. Mwana wa zaka zisanu amakuona kuchokera pansi. Chaka chilichonse, sabata yoyamba isanathe, pankapezeka kamwana kamtima wabwino kobwera ndi kansalu kominira: "Aphunzitsi, pukutani, latsala pang'ono kugwa." Iye ankaseka, kuthokoza, n'kukatsekera kansaluko m'kabati momwe munali tinzake tambiri.

Bambo akewo ntchito yawo inali ya takisi, ndipo kwa zaka makumi awiri siteji yawo inali ku Şişli mumzinda wa Istanbul, m'munsi mwa nyumba zazitali za madokotala okonza nkhope. Tsiku ndi tsiku ankanyamula anthu a pulasitala yoyera pakati pa nkhope ndi maso otupa, ochokera kumaiko onse, kuwatula kumahotela. Pa chakudya ndiye inali nthabwala yawo. "Lero ndanyamula mphuno zisanu ndi imodzi, zonse zofanana ngati zobadwa kwa mayi mmodzi. Ndikuopa kuti ndasokoneza mahotela, mkazi wa Mjeremani ndamutula kwa Mluya." Banja lonse linkaseka. Nilay nayenso ankaseka.

Ndiye Lamulungu lapitalo, atatha kudya, Nilay anawauza. Anati walembetsa kale kwa dokotala wokonza mphuno, tsiku lake ndi Lachiwiri la sabata inayo, ndipo sakupempha chilolezo koma akufuna adziwe. A Nazmi anaika supuni pansi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, osati m'maso, koma pansi pa mphuno. Kenaka anadzuka, kutenga makiyi a galimoto, n'kutuluka osanena kanthu. Lolemba ndi Lachiwiri ankalawirira, kubwera atatopa, osacheza. Lachitatu m'mawa anzawo anawapeza pa siteji atatsamira chiwongolero ngati akuwodzera. Mtima unali utaima.

Tsopano Korkut anagogoda mthiko pamphepete mwa mphika, n'kuuloza kwa mlongo wake.

"Tenga. Tchula chabwino chawo. Kapena utchule zomwe unawauza Lamulungu, kuti fungo likawakumbutse."

"Korkut," anatero a Saniye, osakweza mutu.

"Ayi amayi, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndiye wamkulu pano, ndiyenera kunena."

"Nanga mphuno ikakula imalewa chiyani?" anafunsa a Zarife.

Nilay analandira mthiko. Anatakasa kamodzi, kawiri. Anaupereka kwa mayi wina wapafupi n'kutuluka.

Lamulungu lotsatira maliro, anthu atachepako, akazi atatuwo anakhala pansi m'chipinda chogona kusankha zovala za malemu zoti zikaperekedwe kwa osowa. Nsapato zawo zinali zitaikidwa kale panja pa chitseko tsiku la maliro, ndipo wina wosauka anali atazitenga. A Saniye ankapinda malaya aliwonse mosamala ngati mwini wake awafuna mawa.

"Tandiuza, mwana wa mchimwene wanga," anatero a Zarife, akusuzumira m'matumba a jekete, "amachita chotani kwenikweni? Amadula n'kutaya kwa amphaka?"

"Azakhali!"

"Ndikufunsa! Ndili nalo inenso, ndili ndi ufulu wodziwa mtengo wa katundu wanga."

Nilay anamwetulira koyamba m'masiku anayi. Anati njira zilipo zingapo. Pali yobaya jakisoni ya mankhwala m'mbali kuti dontholo lisaonekere kwambiri, koma imeneyo imasungunuka pakapita miyezi, umabwereranso. Pali yochepetsa mabowo, kudula pang'ono m'mbali momwe mphuno imakumana ndi tsaya. Ndipo pali yake iyeyo: kufupikitsa kamzatiko, kukakweza m'mwamba pang'ono n'kukasoka. Msana wa mphuno sakhudza. Kutalika sakhudza.

"Ndiye munthu wokuona patali adzadziwabe kuti ndiwe wa kwa Kalafat?"

"Adzadziwa ndisanakhote pakona."

"Ha! Ndiye phokoso lonseli n'la kanyama kosakwana n'kudyetsa mpheta?" A Zarife anagwira kawo ndi chala n'kukagwedeza. "Ine ndakhala nako zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndinakwatiwa kawiri."

"Mwaona, inu simunavutike nako."

"Ndani wakuuza? Amuna onse awiri ndinasankha aatali dala, kuti azindiona kuchokera pamwamba. Wachiwiri uja anali chitsiru, koma anali wamtali." Anaponya jekete pamulu. "Ikanakhala nthawi yanga ino, bwenzi ndili patsogolo pako pamzere."

Nilay anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, masiku awiri aja, sananene chilichonse? Ngakhale liwu limodzi lokha la ine?"

A Saniye anasalaza kolala ya malaya ndi chikhatho. "Ndikanakunamiza, mwanangu, koma ukanadziwa. Sananene kanthu."

"Ndiye anapita atandikwiyira."

"Sindikudziwa."

"Ngati anapita atakwiya, sindingapite. Ndingamadzadziyang'ane bwanji pagalasi? Tsiku lililonse ndizidzaona malo amene ndinawachotsapo."

Lamya yake inalira pabedi: uthenga wa kuchipatala, womukumbutsa kuti Lachiwiri afike isanakwane naini koloko, asadye kapena kumwa chilichonse. Anauwerenga, n'kuitembenuza lamyayo chafufumimba. Sanavomere, sanakane.

Lolemba masana Korkut anabwera akupukusa makiyi pachala, nkhope ili ngwee ngati wagulitsa matayala a basi yonse.

"Ndachokera ku siteji ya bambo," analengeza, akuvula nsapato pakhomo. "Ndawasonkhanitsa onse, ndawauza maso ndi maso. Ndati mwana wa a Nazmi akakuimbirani mawa, munene kuti galimoto yanu yafa. Onse angoti zii, kuwerama. Amandilemekeza anthu aja. Akandiona amaona bambo."

"Amaona mphuno," anatero a Zarife. "Ndipo mu Istanbul muno takisi ndi za pa siteji imeneyo zokha? Mabasi anawotchedwa?"

"Akwere basi, aone ngati adzalowenso m'nyumba muno ngati mlongo wanga."

Nilay anali akutsuka matambula a alendo. Anatseka mpopi. "Achimwene, inu simunafunsidwepo ndi mwana wa eni ngati muli ndi chimfine chosatha."

"Ndi nkhope ya bambo ako imeneyo! Dothi la pamanda silinaume, iwe ukuthamangira kukawadula pankhope pako. Zaka makumi awiri akuseka anthu a mapulasitala, lero mwana wawo akhale mmodzi wa iwo? Ukuganiza chinaimitsa mtima wawo n'chiyani? Tiyi?"

Tambula inaterereka m'manja mwa Nilay n'kugwera m'sinki. Sinasweke. Inangozungulira, kulira, n'kukhala chete.

Korkut mwiniyo anaoneka kuti wadzidzimuka ndi mawu ake. Sanali munthu woipa. Pa tsiku la maliro ndiye anatsikira m'manda kukalandira thupi, ndipo anatuluka m'menemo akulira ngati kamwana, mpaka amuna awiri anachita kumugwira. Kungoti chisoni chake chinkafuna munthu woti chimukalipire, ndipo Mulungu sakalipirika. Anatembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, nenani inuyo. Muuzeni zimene bambo akanafuna."

"Ine ndagona pambali pa mphuno imeneyo zaka makumi anayi," anatero a Saniye, "ndipo sindinadziwepo zomwe mwini wake ankaganiza. Iwe unazidziwira kuti?"

"Ine ndi mwana wawo wamwamuna."

"Eya. Vala masilipasi, pansi pakuzizira."

Lachiwiri kunacha ndi kamvula kowaza. Korkut anafika m'mamawa, n'kuimika galimoto yake ya matayala mopingasa pakhomo penipeni, ngati kuti mlongo wake ndi ng'ombe yoti ingathyole khola. Anakhala pa tebulo n'kuyamba kudya buledi ndi tchizi mwaphokoso. Nilay anakhala moyang'anana naye atavala zakuda zomwezo za masiku onsewa. Sanavale zaulendo, sanalongedze chikwama. Mayi ake anathirira tiyi aliyense, koma tambula ya Nilay anaidumpha, ndipo Nilay sanaitanitse.

"Mwaona?" anatero Korkut, akuloza ndi mpeni. "Nkhani yatha. Munthu amangofunika kumulankhula ngati mwamuna."

Belu la pakhomo linalira.

Anali a Rasim, mnzawo wa malemu wa pa siteji, nkhalamba yaifupi yoyenda motsimphina, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwawo, mumsewu, takisi yachikasu inali ikulira pang'onopang'ono.

"Pepani alamu, ndalawirira," anatero kwa a Saniye. "Mulungu akupatseni mtima wopirira. Mwana wakonzeka?"

Korkut anadzuka, chakudya chili m'kamwa. "Amalume, dzulo simunandimve?"

"Ndinakumva, mwana wanga, ndani sanakumve? Anakumva ndi a siteji ya kutsidya. Unati mlongo wako akatiimbira tikane. Sanatiimbire."

"Ndiye wakutumani ndani?"

"Bambo ako."

A Zarife anaika tambula pansi mosamala.

A Rasim anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindapinda, lothimbirira ndi madontho a bulauni. Analitambasula pa tebulo pakati pa mbale ya tchizi ndi ya maolivi. Linali mapu ojambula pamanja, mizere yokhotakhota, ina yofufutidwa mwaukali, maina a misewu atalembedwa ndi zilembo zazikulu zopendama zimene aliyense m'nyumbamo ankazidziwa.

"Anandipeza Lamulungu lija madzulo," anatero a Rasim. "Akuti, Rasim, Lachiwiri linalo usalandire munthu, unyamula ine ndi mwana wanga. Ndikuti, nanga galimoto yako yatani? Akuti, ine tsiku limenelo manja azidzanjenjemera, ndidzakhala kumbuyo ndi iyeyo, iwe udzayendetsa. Ndiye mukudziwa, munthu wongosokedwa kumene mphuno, hampu iliyonse amaimva mpaka mu ubongo. Ife timawaona pagalasi akulumira mano. Akuti, alendo aja ndimawadutsitsa njira yachidule chifukwa si ana anga. Uyu tipeze msewu wosalala kuchokera pachipatala mpaka pakhomo."

"Mu Istanbul?" anatero a Zarife. "Akanangopempha mapiko."

"N'zimene ndinanena ine! Koma mumamudziwa mchimwene wanu. Lolemba lonse, Lachiwiri lonse, sitinanyamule munthu ngakhale mmodzi. Iye pachiwongolero, ine kumbuyo nditanyamula tambula ya tiyi yodzaza mpaka m'milomo. Tiyi akangotayika, iye amaima, kufufuta msewu umenewo, kubwerera, kuyesa wina. Mathalauza awiri ndaononga. Mkazi wanga akuganiza kuti ukalamba wandifika pena."

Nilay anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. A Rasim anatembenuza pepalalo.

"Kuseri kuno ndi za dokotala. Anati iye pamaso pa madokotala lilime limamangika, ndiye alembe. Werenga, mwana wanga, ine magalasi ndasiya m'galimoto."

Nilay anayesa, koma maso anali atadzaza. Korkut ndiye anatenga pepalalo, n'kuliyandikiza kumaso ngati akufuna kuligwira bodza. Anawerenga mokweza, mawu akunka natsika.

"Choyamba. Adulire m'kati, chipsera chisaoneke panja. Ndamva kwa ambiri kuti zimatheka. Chachiwiri. Za jakisoni ayi, amene anabayitsa ndimawanyamulanso chaka chamawa. Chachitatu. Mabowo asachepetse, mwanayu nthawi yozizira amavutika kupuma. Chachinayi. Asakweze kwambiri ngati aja oti mvula ikagwa imalowa." Anafika pa mzere womaliza. "Chachisanu. Ndimuuze Nilay kuti nthabwala zija ndinkanena sindinkadziwa."

Analitembenuza, kufuna china. Panalibe.

A Saniye anatenga pepalalo m'manja mwa mwana wawo, kulisalaza ndi chikhatho pa tebulo, n'kuyang'ana zilembozo osawerenga.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero motsitsa. "Masiku awiri athunthu, kulephera kunena mawu anayi pa tebulo lake lomwe."

Korkut anakanda m'ndevu. "Za ine... sananene kanthu?"

"Ananena," anatero a Rasim. "Anati tisakuuze mpaka titabwerako, chifukwa uchita phokoso."

A Zarife anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika mbali zonse za mphuno ya a Kalafat, ndipo panalibe akanatha kunena kuti ndi misozi ya chiyani. Nilay anali atalowa kale kuchipinda. Anamveka akutsegula kabati, kukoka chikwama.

"Vuto latsala limodzi," anatero a Rasim, akuloza pa mapu pomwe mzere unathera m'malere. "Kuchokera pa golosale ya pakona kufika pakhomo pano sitinayese. Pali njira ziwiri, ya kumsika ndi ya kusukulu. Tinapangana kuti timaliza Lachitatu m'mawa." Anapinda chipewa chawo m'manja. "Ndinati mwina tiyese popita pano, pobwera tidziwe. Koma ine sindingagwire chiwongolero ndi tambula nthawi imodzi, ndipo mwanayu lero saloledwa ngakhale kununkhiza tiyi."

A Saniye anatenga tambula yoyera, kuiika pa kambale kake, n'kuthira tiyi mpaka anafika m'milomo, kuchita kutukumuka pamwamba. Anainyamula ndi manja awiri n'kuima nayo patsogolo pa mwana wawo wamwamuna.

Korkut anayang'ana tambulayo. Anayang'ana mayi ake.

"Galimoto yanga yatsekereza njira," anatero.

"Kaichotse. Tiyi akudikira."

Patapita mphindi zochepa, a Saniye ndi a Zarife anaima pazenera akuyang'ana takisi ikuchoka ngati yanyamula mazira. Kumpando wakumbuyo kunali Nilay, chikwama chili pamiyendo, pepala lili m'manja. Pambali pake panali Korkut, atakhala tsonga, zigongono zili m'mwamba, maso ali pa tambula, akuopa ndi kupuma komwe. Atayandikira pakona, galimoto inagwedezeka pang'ono, ndipo mawu ake anamveka mpaka pazenera paja:

"Pang'onopang'ono, amalume! Fufutani umenewu, watayika!"